Kodi mikangano ya 50 Cent inali yeniyeni, kapena inali malonda chabe?

Funso lochokera kwa wowerenga: Ine ndi anzanga takhala tikutsutsana kwa nthawi yaitali pa nkhani ya 50 Cent, woimba nyimbo za rap wa ku America. Ena akuti mikangano yake ndi oimba anzake Ja Rule, The Game komanso Rick Ross inali sewero longofuna kugulitsira zimbale, pamene ena akuti unali udani weniweni. Ndiponso, ngati munthuyu analemeradi monga tinkamvera, zinatheka bwanji kuti akaime m'khoti n'kunena kuti walephera kubweza ngongole? Nanga n'chifukwa chiyani samvana ndi mwana wake wobereka yekha?

Achimwene, mafunso anu atatuwa akuoneka ngati osiyana, koma ine ndikuwaona ngati funso limodzi. Mbali zonse ziwiri za mtsutso wanu zili ndi pogwira, kungoti chofunika ndi kudziwa chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Mkangano woyamba wa 50 Cent unali wa magazi enieni, ndipo atapulumuka anazindikira kuti mkangano umagulitsa nyimbo kuposa wotsatsa malonda wina aliyense. Kuchokera pamenepo anayamba kuugwiritsa ntchito ngati khasu lolimira, mpaka khasulo linamutema yekha kukhoti komanso kunyumba kwake.

Dzina lake lenileni ndi Curtis James Jackson III, ndipo anabadwa pa 6 Julaye 1975 ku South Jamaica, dera la Queens mumzinda wa New York. Mayi ake anamubereka ali ndi zaka 15 zokha, ankagulitsa mankhwala ozunguza bongo, ndipo anamwalira iye ali ndi zaka 8. Bambo ake sanawadziwe. Anakulira kwa agogo ake m'nyumba yodzaza ndi amalume ndi azakhali, m'zaka zimene mankhwala otchedwa crack anasakaza madera a anthu akuda ku America, ndipo pofika zaka 12 nayenso anali atayamba kugulitsa. M'chaka cha 1994 anamangidwa kawiri pasanathe mwezi umodzi, n'kugamulidwa kukakhala kundende zaka zapakati pa 3 ndi 9, koma anangokhala miyezi 6 kumalo osungirako olakwa kumene amawaphunzitsa mwambo wa chisilikali. Ngakhale dzina lakuti 50 Cent analitenga kwa Kelvin Martin, chigawenga china chimene chinkabera anthu ku Brooklyn m'zaka za m'ma 1980. Ndatchula zimenezi kuti muone sukulu imene munthuyu anaphunzirako za mkangano: pamsewu pomwe ankagulitsira, munthu amene wabwerera m'mbuyo kamodzi amalandidwa malo ake ndi makasitomala ake omwe.

Amene anamuphunzitsa kapangidwe ka nyimbo, makamaka kuwerenga mizere ndi kupeka mbali yobwerezabwereza imene anthu amaimba nawo, anali Jam Master Jay wa gulu la Run-DMC. Kenako analowa kukampani ya Columbia Records, ndipo mu 1999, ataona kuti kampaniyo ikumusunga pashelefu, anatulutsa nyimbo yotchedwa How to Rob, momwe anatchula maina a oimba otchuka mmodzimmodzi n'kufotokoza mwanthabwala mmene angawabere. Ambiri anapsa mtima, ndipo Jay-Z ndi ena anamuyankha m'nyimbo zawo. Kwa mnyamata yemwe dzulo lake sankadziwika, kuyankhidwa ndi Jay-Z kunali ngati kulengezedwa pawailesi kwaulere. Apa ndi pamene anzanu amene akuti zonse zinali malonda ali ndi umboni wawo woyamba, pakuti nyimboyi inali nyambo, ndipo nsomba zinadya.

Nkhani ya Ja Rule ndi ina. Awiriwa ndi a ku Queens komweko, ndipo aliyense amafotokoza chiyambi chake mosiyana: 50 Cent amati mnzake wina anabera Ja Rule zibangiri ndi mikanda ya mtengo wapatali, ndiye Ja Rule atawaona ali limodzi anamusungira chakukhosi, pamene Ja Rule amati mnzakeyo anangochita nsanje ataona mmene anthu akwawo ankamusangalalira pojambula kanema wa nyimbo. Chimene sichikanidwa n'chakuti anamenyanapo ndi manja ku Atlanta, ndipo mu Malichi 2000, ku situdiyo ya Hit Factory ku New York, 50 Cent anabayidwa ndi mpeni pa ndewu ndi anthu a Murder Inc., kampani ya Irv Gotti imene Ja Rule ankaimbira. Kuseri kwa zonsezi kunali dzina la Kenneth McGriff, wodziwika kuti Supreme, yemwe kale anali mkulu wa gulu logulitsa mankhwala ozunguza bongo ku South Jamaica komanso anali bwenzi la Irv Gotti. 50 Cent anali atatchula McGriff ndi zigawenga zina za m'deralo m'nyimbo ina, chinthu chimene anthu a m'misewu imeneyo amachiona ngati kuulula za m'nyumba.

Pa 24 Meyi 2000, 50 Cent anali atakhala kumpando wakumbuyo wa galimoto panja pa nyumba ya agogo ake pamene munthu wina anafika pawindo n'kuyamba kuwombera. Zipolopolo 9 zinamulowa m'miyendo, m'dzanja, pamkono, m'chiuno, pachifuwa ndi patsaya lakumanzere. Chimene chinalowa patsayacho chinagulula dzino n'kusiya kachidutswa m'lilime, ndipo n'chifukwa chake mukamvetsera nyimbo zake zonse za pambuyo pake mumamva mawu okoka pang'ono, ngati a munthu amene akulankhula osatsegula pakamwa bwinobwino. Anagona m'chipatala masiku 13. Munthu amene ambiri ankamuganizira kuti ndiye anawombera anaphedwa patangopita milungu itatu, ndipo palibe amene anaweruzidwa pa mlanduwu. Apolisi a boma lalikulu la America pambuyo pake analemba m'zikalata zawo kuti ankakayikira McGriff, koma chilango cha moyo wonse m'ndende chimene iye analandira mu 2007 chinali cha imfa za anthu ena. Munthu sadziwombera kasanu ndi kanayi kuti agulitse chimbale, choncho pa mbali iyi anzanu amene akuti unali udani weniweni sakunama.

Chimene chinatsatira ndicho chinapanga munthu amene timamudziwa. Columbia inamutaya, chimbale chake choyamba sichinatuluke, ndipo masitudiyo ambiri a ku New York ankaopa kumulandira. Iye anayamba kujambula ma mixtape, matepi a nyimbo odzitulutsira yekha, pamodzi ndi anzake a ubwana, Lloyd Banks ndi Tony Yayo, pansi pa dzina la G-Unit. Ankatenga nyimbo za ena zimene zinali kale m'kamwa mwa anthu n'kuziimbanso ndi mawu ake, n'kumazigulitsa m'misewu popanda kampani. Imodzi mwa matepi amenewa inafika m'manja mwa Eminem mu 2002, ndipo iye ndi Dr. Dre anamulemba ntchito m'makampani awo a Shady ndi Aftermath. Chimbale cha Get Rich or Die Tryin' chitatuluka mu Febuluwale 2003 chinagulidwa makope 872,000 m'sabata yoyamba, chinaposa zimbale zonse ku America chaka chimenecho, ndipo nyimbo ya In da Club inakhala pa nambala 1 milungu 9. Amene munali achinyamata nthawi imeneyo mukukumbukira mmene malaya olembedwa G-Unit, enieni ndi abodza omwe, anadzazira m'misika. Chimene ankagulitsa kwenikweni chinali nkhani ya zipolopolo 9 zija, ndipo nyimbozo zinali chotengera chake.

Ali pamwamba chotero anatembenukira kwa Ja Rule, yemwe panthawiyo anali mmodzi mwa oimba ogulitsa kwambiri chifukwa cha nyimbo zachikondi zimene ankaimba ndi akazi monga Ashanti ndi Jennifer Lopez. 50 Cent anamusandutsa choseketsa, akumuti ndi woimba zofewa wodzionetsa ngati chigawenga, ndipo Eminem ndi ena a m'khola lawo anathandizira. Tsoka linagwirizananso naye, chifukwa mu Januwale 2003 apolisi anakasecha maofesi a Murder Inc. powaganizira kuti ankabisa ndalama za McGriff. Irv Gotti ndi m'bale wake anapezeka osalakwa kumapeto kwa 2005, koma pofika nthawiyo kampaniyo inali itafooka kale. Chodabwitsa, ndipo Ja Rule wakhala akuchinena, n'chakuti 50 Cent atangomugwetsa anayamba kuimba nyimbo zofewa zamtundu womwewo. Ine ndimaona kuti apa udani ndi malonda zinayendera limodzi osasiyanitsika: anabwezera chipongwe kwa mdani, komanso anachotsa wopikisana naye pamsika. Udaniwo sunazilale ngakhale patapita zaka, moti mu 2018 anadzitama pa Instagram kuti wagula matikiti 200 a mipando yakutsogolo pa phwando la nyimbo la Ja Rule n'cholinga choti ikhale yopanda anthu, ndipo Irv Gotti atamwalira mu Febuluwale 2025 iye analemba zomunyoza m'malo mopepesa maliro.

Ya The Game ndiyo imaonetsa bwino mmene zinthu ziwirizi zinalukanirana. Mnyamatayu ndi wa ku Compton, ku California, ndipo sanakule ndi a G-Unit. Akuluakulu a kampani ndiwo anamuika m'gululo kuti chimbale chake chiyende. Chinayendadi mu Januwale 2005, koma 50 Cent ankati ndiye analemba mbali zikuluzikulu za nyimbo zimene zinatchuka ndipo sankayamikiridwa, komanso anakwiya kuti The Game ankakana kudana ndi adani ake. Pa 28 Febuluwale 2005, ali pa wailesi ya Hot 97 ku New York, analengeza kuti wamuchotsa m'gululo. The Game ndi anthu ake anathamangira kunyumba ya wailesiyo, kunja kunalira mfuti, ndipo mmodzi wa anthu ake anavulala mwendo. Tsopano taonani masiku: chimbale chachiwiri cha 50 Cent, The Massacre, chinatuluka pa 3 Malichi n'kugulidwa makope oposa 1.1 miliyoni m'masiku anayi, ndipo pa 9 Malichi, tsiku lokumbukira kuphedwa kwa woimba wotchuka wa ku New York Notorious B.I.G., awiriwa anaima pamaso pa atolankhani ku Harlem, anagwirana chanza nkhope zili gwa, n'kupereka ndalama ku magulu ophunzitsa ana nyimbo. Mtenderewo sunathe miyezi ingapo. Mkwiyo unalipo ndithu, koma tsiku loutulutsira poyera linasankhidwa ndi munthu wodziwa kuwerenga kalendala ya malonda, ndipo amene analandira chipolopolo sanali woimba aliyense mwa awiriwo.

Ena anawaputa pa zifukwa zazing'ono. Fat Joe ndi Jadakiss analakwa kungoimba nyimbo imodzi ndi Ja Rule mu 2004, ndipo Fat Joe anadzagwirizana naye Chris Lighty, bwenzi la onse awiri yemwe ankayendetsa ntchito za 50 Cent, atamwalira mu 2012. Young Buck, wa m'gulu lake lomwe, anachotsedwa mu 2008, ndipo 50 Cent anatulutsa poyera mawu a pafoni amene anamujambula akulira ndi kupepesa. Koma mpikisano wake ndi Kanye West unali sewero loyera, ndipo onse awiri sanabise. Zimbale zawo zinatuluka tsiku limodzi, pa 11 Seputembala 2007, iye atalonjeza kuti akagonja asiya kutulutsa zimbale zake. Kanye West anagulitsa makope 957,000 m'sabata yoyamba, iye 691,000. Lonjezolo sanalisunge, koma chimene chinaonekera tsiku limenelo n'chakuti omvera anali atayamba kutopa ndi nyimbo za mfuti, ndipo zimbale zake ziwiri zotsatira, cha 2009 ndi cha 2014, sizinafike n'komwe pafupi ndi zoyamba zija.

Tibwere ku ndalama. Chuma chake chachikulu sichinachokere ku nyimbo zokha. Mu 2004 anavomera kutsatsa chakumwa cha Vitaminwater, koma m'malo mongolandira malipiro anatenga masheya m'kampani yake ya Glacéau, ndipo Coca-Cola itagula kampaniyo mu 2007 pa madola 4.1 biliyoni, manyuzipepala ankalemba kuti gawo lake linali pakati pa madola 60 miliyoni ndi 100 miliyoni. Panalinso zovala, nsapato za Reebok, masewera a pakompyuta ndi mafilimu. Komabe ndalama zinkatulukanso ngati madzi a m'dengu. Nyumba yaikulu ya ku Farmington, ku Connecticut, imene kale inali ya Mike Tyson, anaigula madola 4.1 miliyoni mu 2003, inkamudyera ndalama zochuluka mwezi ndi mwezi poisamalira, ndipo atavutika zaka zoposa khumi kufuna wogula anaigulitsa madola 2.9 miliyoni mu 2019.

Chimene chinamufikitsa kukhoti, komabe, ndi mkangano uja. Mu 2009 anayambana ndi Rick Ross, yemwe chaka chapitacho zinali zitaululika kuti anagwirapo ntchito yolondera akaidi, chinthu chamanyazi kwa woimba wodzitcha mkulu wa zigawenga. 50 Cent sanakhutire ndi kumuseka pa chimenecho. Analowerera m'banja la mnzakeyo, ndipo anaika pa intaneti kanema wa kuchipinda wa mayi wina amene anabereka mwana ndi Rick Ross, ataonjezamo mawu ake onyoza iye atavala wigi. Mayiyo sanali woimba ndipo sanapute aliyense. Anakasuma, ndipo pakuti mlandu suola, pa 10 Julaye 2015 khoti la ku New York linagamula kuti alipidwe madola 5 miliyoni, kenako linaonjezera 2 miliyoni ngati chilango. Panthawi yomweyo 50 Cent anali ataluza kale mlandu wina ndi kampani ya Sleek Audio pa nkhani ya mahedifoni, ndipo ankayenera kulipira madola oposa 17 miliyoni. Patangopita masiku atatu chigamulo cha mayi uja chiperekedwe, anakapempha chitetezo cha khoti ku Connecticut, ngongole zake zonse zitaposa madola 30 miliyoni.

Apa mpofunika kumvetsa lamulo limene anagwiritsa ntchito, lotchedwa Chapter 11, chifukwa ambiri amaganiza kuti munthuyo anasauka mpaka kusowa chakudya. Lamuloli limaimitsa kaye onse ofuna ndalama zawo kuti asalande katundu, ndipo wangongoleyo amapitiriza ntchito zake uku akukonza dongosolo la kabwezedwe limene woweruza ayenera kuvomereza. Kawirikawiri angongole amalandira zochepera pa zimene ankafuna, koma amalandira ndithu. Ngakhale pamenepa khalidwe lake silinasinthe, pakuti anajambulitsa zithunzi atakhala pakati pa mitolo ya madola, pa china ataiyala kuti ilembe liwu la Chingerezi lotanthauza kuti alibe kalikonse. Woweruza anamuitanitsa kuti afotokoze, ndipo iye anayankha kuti ndalamazo zinali zabodza, zojambulira makanema. Taganizani, munthu amene mbiri yake yonse inamangidwa pa kunena kuti iye ndi weniweni pamene ena ndi onamizira, anakakamizika kuvomera pamaso pa khoti kuti chuma cha pazithunzi chinali mapepala. Dongosolo lobweza madola pafupifupi 23 miliyoni m'zaka zisanu linavomerezedwa mu 2016, koma iye anamaliza mu Febuluwale 2017, mothandizidwa ndi ndalama zimene analandira atasumira maloya ake akale pa mlandu wa mahedifoni uja.

Anadzuka chifukwa anali atasamukira kale ku ntchito ina. Sewero la pa kanema la Power, limene analikonza ndi Courtney Kemp ndipo iye ankaseweramo, linaonetsedwa pa wailesi yakanema ya Starz kuyambira 2014 mpaka 2020 n'kubala masewero ena angapo, kenako kunabwera sewero lina lotchedwa BMF mu 2021. Ngakhale a Starz omwewo ankawanyoza poyera akafuna kuti amumvere. Mu Febuluwale 2022 anaimba pa Super Bowl, masewera omaliza a chikho cha mpira wa ku America, pamodzi ndi Dr. Dre ndi Eminem, atalendewera mutu pansi monga mu kanema wake wa 2003, ndipo achinyamata ambiri lero amamudziwa ngati mkulu wa masewero a pa kanema komanso wanthabwala zoluma pa Instagram kuposa ngati woimba.

Funso lanu lomaliza ndilo lowawa, ndipo ndiliyankha mosamala chifukwa za m'banja la eni zimakhala ndi mbali zambiri. Mwana wake woyamba anabadwa mu 1996, ndipo 50 Cent wanena kambirimbiri kuti kubadwa kwa mwanayo ndiko kunamuchotsa pamsewu n'kumulowetsa mu situdiyo. Analemba dzina lake pamkono, ndipo m'zaka zoyamba za kutchuka ankayenda naye. Zinthu zinasokonekera makolowo atasiyana n'kuyamba kukokerana kukhoti pa nkhani ya nyumba ndi ndalama zolerera mwana, zimene khoti linaziika pa madola 6,700 pamwezi. Bamboyo amati mayi anadzaza mwanayo chidani ndi mtima wongoyembekezera kupatsidwa, pamene mwanayo amati chimene ankasowa ndi bambo, osati cheke. Mabanja ambiri amadutsa m'zoterezi, ngakhale kwathu kuno, koma kumeneko kumakhala ankhoswe ndi amalume okhazika anthu pansi pakhomo potseka. Awa anakambirana nkhani yawo pamaso pa anthu mamiliyoni, ndipo bamboyo anamenya nkhondoyi ndi zida zomwe zija anagwetsera Ja Rule ndi Young Buck, zomwe ndi kuseka, kunyoza ndi kusabwerera m'mbuyo. Ndi mwana wake wachiwiri, wobadwa mu 2012, amaonetsa nkhope ina, moti pa Khirisimasi ya 2019 anamutsegulitsira sitolo yonse ya zidole kuti asankhe yekha zimene akufuna, ngakhale kuti ubale wake ndi mayi wa mwanayo nawonso unafikapo kukhoti mu 2013.

Chimene chinandikhudza kwambiri pa nkhani yonseyi chinachitika mu Novembala 2018. Pa intaneti panatuluka chithunzi cha mwana wake woyamba uja ataima limodzi ndi mwana wa Kenneth McGriff, munthu yemwe 50 Cent amakhulupirira kuti ndiye anatuma womuwombera. Kaya mnyamatayo anachita dala kuti abaye bambo ake pachilonda kaya ayi, chilondacho chinali chisanapole patatha zaka 18. 50 Cent analemba pansi pa chithunzicho kuti anyamata awiriwo atagundidwa ndi basi, tsiku lake silingaipe. Anthu atamudzudzula anayesa kufewetsa mawuwo, akuti safunira aliyense zoipa, koma anali atawerengedwa kale ndi dziko lonse, kuphatikizapo mwana amene dzina lake analilemba pamkono. Panalibe chimbale chimene chinkatuluka sabata imeneyo.